Akuti sitili okonzeka kulembedwa ntchito: kodi ofufuza anapeza zotani?

Tiyamike: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe likundisowetsa tulo. Ndinamaliza maphunziro zaka ziwiri zapitazo, ndipo makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerenga atakwana 70. Ku intavyu andiitanako kawiri kokha. Sabata yatha ndinali ku msonkhano wina wa achinyamata, woyankhula wake anatiuza kuti ntchito zilipo mbwee, koma ifeyo ndiye sitili okonzeka kulembedwa. Akuti tiphunzire kulemba CV, kuvala bwino, kuyang'ana abwana m'maso. Potuluka anatipatsa satifiketi, yachisanu m'chikwama changa. Ndiye ndifunse, alipo anachitapo kafukufuku weniweni woona ngati maphunziro oterewa amapezetsa munthu ntchito? Kapena akungotitayitsa nthawi?

Mavuto: Zisanu zokha? Achemwali mwangoyamba kumene. Zanga nditha kufolera nazo nyumba.

Kondwani: Yankho lilipo achemwali, kungoti si lokoma. Koma ndiyambire pa kayezedwe kake, chifukwa ndi pomwe ambiri amatipusitsira. Bungwe likaphunzitsa achinyamata 100, pakutha pa chaka n'kupeza kuti 40 ali pantchito, limalemba mu lipoti kuti lapezetsa ntchito anthu 40. Chomwe silifunsa n'chakuti, akanapanda kuphunzitsidwa, ndi angati akanaipezabe ntchitoyo? Mwina 38. N'chifukwa chake ofufuza amachita maere. Anthu 200 afunsira malo, maere agwera 100 ndipo aphunzitsidwa, 100 enawo ayi, kenako onsewo amawalondola kwa chaka kapena kuposerapo. Kusiyana kwa magulu awiriwa ndiye phindu lenileni la maphunzirowo, osati 40 uja.

Mu 2017 David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa kafukufuku wamtunduwu wochitika m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse opatsidwa mwayi wa maphunziro a ntchito zamanja, opeza ntchito chifukwa cha maphunzirowo sakwana atatu. Pomwe kuphunzitsa munthu mmodzi kumadya madola 1,000 mpaka 2,000. Chulukitsani nokha muone kuti ntchito imodzi yatsopano ikugulidwa ndalama zingati.

Mayi Nabanda: Ayi a Kondwani, apa ndikana. Ndaphunzitsa telala zaka 18. Ana omwe anadutsa m'manja mwanga ndimakumana nawo, ena ali ndi mashini atatu, akulemba anzawo ntchito. Mukufuna kundiuza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutunga madzi ndi dengu?

Kondwani: Pepani mayi, si zimenezo. Chiwerengero chija chaphatikiza maphunziro abwino ndi achabechabe omwe. Alipo kafukufuku yemwe ali kumbali yanu, ndipo ndi wamphamvu. Anachitika ku Uganda mogwirizana ndi bungwe lachitukuko la BRAC, zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Analondola achinyamata pafupifupi 1,700 kwa zaka zinayi. Ena anawatumiza ku sukulu za ntchito zamanja miyezi isanu ndi umodzi, monga kuwotcherera, kulumikiza mapaipi a madzi, telala, kukonza tsitsi, umakaniko. Ena anawapititsa kwa eni tizimakampani kuti akaphunzire pogwira, malipiro awo akuthandizidwa ndi bungwe. Magulu onse awiri anaphunzira luso ndithu. Koma m'kupita kwa nthawi phindu la ophunzira kwa eni makampani linayamba kuzilala, pomwe la opita kusukulu linakhalabe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wa kusukulu ali ndi pepala lomwe bwana aliyense angalikhulupirire. Ntchito ikatha kuno, amakagogoda kwina n'kulowa. Wophunzira kwa bwana mmodzi, luso lake amalidziwa ndi bwana yekhayo basi.

Mayi Nabanda: Eya, tsopano mwayamba kuyankhula. Miyezi isanu ndi umodzi munthu ali pamashini tsiku ndi tsiku si chimodzimodzi ndi kukhala mu holo tsiku limodzi kuombera m'manja.

Mavuto: Mayi, mwaiwala kuti kumakhalanso kujambulitsa chithunzi cha gulu. Icho ndiye chofunika kwambiri ku lipoti.

Bambo Phiri: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndiyankhulepo, poti zaka zambiri ndinali mbali inayo ya tebulo, ndine ndinkalandira makalata anuwo. Mwana wanga Tiyamike, ndikufotokozere zomwe zimachitika kalata yako ikafika. Talengeza malo amodzi. Makalata abwera mwina 400, ena mu envulopu, ena pa imelo. Andipatsa masiku awiri kuti ndisankhe anthu asanu ndi atatu oitanidwa. Ndikatsegula yoyamba, mwini wake akuti ndi wolimbikira ntchito, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Yachiwiri mawu omwewo. Ya nambala 90 mawu omwewonso, mpaka malo olakwitsa zilembo kufanana, kusonyeza kuti onse anakopera pamodzi. Pofika madzulo maso afiira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ndikumudziwa kuposa momwe ndinkamudziwira m'mawa.

Chomwe ofuna ntchito sadziwa n'chakuti wolembayo naye ali ndi mantha. Ndikalemba munthu wolakwika, wojomba, wa dzanja lalitali, mlandu ndi wanga, ndipo kumuchotsa si masewera. Ndiye ndimatani? Ndimatenga foni n'kuimbira mnzanga, ndimati kodi ulibe mnyamata wodalirika kumeneko? Sindikunyadira, koma ndi momwe zinkakhalira.

Mavuto: Zikomo bambo poulula. Ife timati katangale, inu mukuti mantha.

Bambo Phiri: Katangale aliko, sindikana, ndinamuonapo ndi maso anga. Koma kulemba mphwako yemwe sadziwa kanthu ndi nkhani ina, kufunsa munthu yemwe anamuonapo mnyamatayo akugwira ntchito ndi inanso. Zonse ziwiri zimapweteka wopanda womudziwa, icho ndivomera.

Kondwani: Zomwe anena bambo Phirizi zinayezedwapo kalekale. Mark Granovetter, pa kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'zaka za m'ma 1970, anafunsa anthu a m'tauni ya Newton ku America momwe anapezera ntchito zawo. Oposa theka anati kudzera mwa munthu wowadziwa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri sanali abale kapena anzawo apamtima, koma anthu omwe ankaonana nawo mwa apo ndi apo. Mnzako wapamtima amamva nkhani zomwe iwenso wamva kale. Yemwe munaphunzira limodzi kalekale n'kusiyana, ndiye amayenda m'malo omwe iwe sufikako.

Koma chomwe ndikufuna Tiyamike amve ndi ichi. Ngati vuto la wolemba ntchito ndi kusadziwa kuti waluso ndani, ndiye kuti mankhwala ake angathe kukhala otsika mtengo kwambiri. Ku South Africa, Martin Abel, Rulof Burger ndi Patrizio Piraino anakonza fomu yaifupi yoti bwana wakale alembepo umboni wa momwe munthu ankagwirira ntchito. Kenako ankatumiza makalata a munthu yemweyo ku makampani, kwina ataphatikizapo umboniwo, kwina ayi. Komwe kunapita umboni, mayankho anakwera ndi 60 peresenti, ndipo kwa akazi anakwera kuposa pamenepo. Pepala limodzi lokha.

Tiyamike: Abale, pa makalata 70 onse aja sindinaikepo ngakhale kamodzi. Ndimangolemba mayina atatu kumapeto kwa CV ndi manambala a foni.

Bambo Phiri: Manambala amenewo ndinkaimba munthu akapambana kale intavyu. Pa anthu 400 ndani angaimbe mafoni 1,200?

Kondwani: Kafukufuku winanso anachitika ku Johannesburg mogwirizana ndi Harambee, bungwe lothandiza achinyamata kupeza ntchito, anatuluka mu 2022. Achinyamata pafupifupi 7,000 anawalembetsa mayeso a masamu, kamvedwe ndi kayankhulidwe, kakonzedwe ka ntchito ndi zina. Ena anawapatsa satifiketi yosonyeza momwe akhozera poyerekeza ndi anzawo, yokhala ndi dzina lawo ndi chizindikiro cha bungwe, yoti akaonetse kwa olemba ntchito. Pa gulu limeneli opeza ntchito anawonjezereka ndi anthu 5 pa 100 alionse, ndipo ndalama zomwe ankapeza zinakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena anangouzidwa zotsatira zawo pa pepala lopanda dzina ndi chizindikiro, ndipo phindu lawo linali laling'ono. Ndiye satifiketi imagwira ntchito ikamanena chinthu chomwe bwana sakanachidziwa. Yanu ija ya tsiku limodzi imangonena kuti munafika.

Chisomo: Ndikusokonezeni pang'ono achimwene, chifukwa mukumupatsa mtsikanayu chiyembekezo popanda kumuuza mbali inayo. Zonse mwatchulazi zikuyankha funso lakuti ndani alowe. Sizikuyankha lakuti malo alipo angati. Basi ili ndi mipando 60, pa siteji pali anthu 300. Mukaphunzitsa anthu 20 kuthamanga ndi kukankha, akwera ndithu, ndipo lipoti lanu lidzati maphunziro athandiza. Koma basi yanyamukabe ndi anthu 60. Mwangosintha nkhope za otsala.

Izi si nzeru zanga zokha. Ku France anaziyesa mwadala, ndipo mmodzi mwa ofufuzawo anali Esther Duflo, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019. Anatenga madera 235, n'kuchita maere kawiri. Koyamba anasankha kuti m'dera lililonse athandize anthu ochuluka bwanji, kwina palibe ndi mmodzi yemwe, kwina kotala, kwina theka, kwina magawo atatu mwa anayi, kwina onse. Kenako m'dera momwemo anachitanso maere osankha anthu ake. Othandizidwawo anali achinyamata ophunzira ndithu, omwe anakhala pa ulova miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo anawapatsa alangizi owasakira ntchito. Patatha miyezi isanu ndi itatu, othandizidwa anali patsogolo pa anzawo. Koma poyerekeza ndi madera omwe kunalibe thandizo n'komwe, zinaoneka kuti osathandizidwa a m'madera a thandizo anabwerera m'mbuyo, makamaka komwe ntchito zinali zosowa kale. Ukaphatikiza zonse, ntchito zatsopano zinali zochepa zedi. Zinasindikizidwa mu 2013, koma mpaka lero mabungwe ambiri amawerengabe okwera basi okha.

Kondwani: Sinditsutsa a Chisomo, kafukufuku ameneyo ndimamulemekeza. Ndingowonjezera kuti chitsanzo cha basi chili ndi malire. Mipando ya basi siwonjezereka, koma malo a ntchito amatha kuwonjezereka. Alipo eni mabizinesi omwe akanalemba munthu wachiwiri koma amaopa kugwa m'mavuto, ndiye amangovutika okha kapena kuitana mlamu wawo. Mantha aja akachepa, malo ena amatseguka.

Chisomo: Ena, inde. Angati? Pamenepo ndiye sitinamvane. Munthu salemba wantchito chifukwa wapeza waluso, amalemba chifukwa katundu wake akugulidwa ndipo manja akuchepa. Magetsi akamazimazima, ngongole ku banki chiwongoladzanja chili kumwamba, ogula alibe ndalama, mungamubweretsere mngelo wa satifiketi khumi, sangamulembe.

Bambo Phiri: Apa Chisomo wanena zoona. Chaka china tinachotsa anthu 30 omwe ndinawasankha ndekha, aluso onse. Sikuti anaiwala kulemba CV. Maoda anatha.

Tiyamike: Ndiye mukundiuza kuti vuto si ine? Chifukwa kunena zoona, pochoka ku msonkhano uja ndinalira m'njira. Ndinkadziona ngati ndine wopanda pake, kuti anzanga onse akudziwa chinsinsi china chomwe ine ndinaphonya.

Mayi Nabanda: Pukuta misozi mwanangu. Amene anakuuzani zija iye ntchito yake ndi yomweyo yokuuzani kuti simunakonzeke. Mukakonzeka nonse adya chiyani?

Chisomo: Mawu akuti kukonzeka kulembedwa ali ndi kaukathyali kake. Amachotsa mlandu pa chuma chomwe sichikubala ntchito n'kuusenzetsa mwana wa zaka 24. Boma kapena bungwe limapeza chochita chooneka, chojambulika, chotha m'miyezi itatu. Kukonza magetsi, misewu, misonkho ndi malamulo a malonda kumatenga zaka, ndipo palibe chithunzi cha gulu.

Mavuto: Nanga bwanji boma lingowalipira mabwanawo kuti atilembe? Ine ndalolera, theka la malipiro lipite kwa iwo.

Kondwani: Anayesa zimenezo ku Jordan, kwa atsikana omaliza makoleji mu 2010. Aliyense anapatsidwa kuponi yoti akapereke kwa bwana, ndipo bwanayo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi akamulemba. Makuponi ali mkati, opeza ntchito anawonjezereka ndi anthu 38 pa 100 alionse. Chiwerengero chachikulu zedi, choti nduna ingavine nacho. Makuponi atatha, kusiyana kuja kunaphwa mpaka kutsala kosaoneka bwino. Mabwana ambiri anasunga atsikanawo pomwe ndalama zinkabwera, zitaleka anawatsanzika.

Mavuto: Ndiye bwana anadya, mtsikana anabwerera kunyumba. Nkhani yake ndi yomwe ija.

Mavuto: Koma pali china chimandinyansa. Ukamva pa wailesi chiwerengero cha malova m'mayiko osauka, umamva tating'ono, mwina kuchepera cha mayiko olemera. Amawerenga ndani anthu amenewa? Ine sanandifunsepo.

Chisomo: Atakufunsani mwina sakanakuikani pa malova n'komwe. Muyezo wa bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO umati munthu ali pantchito ngati m'sabata yomwe akufunsayo wagwirako ntchito yolipidwa kapena yopezerapo phindu, ngakhale ola limodzi lokha. Kuti akuwerengeni ngati lova pafunika zitatu: simunagwire konse, mwakhala mukusaka, ndipo ntchito itapezeka mutha kuyamba. Munanyamulako katundu wa munthu Lachiwiri n'kulandira kangachepe? Muli pantchito. Munatopa n'kusiya kusaka? Simuli lova, mwangotuluka m'kaundula. M'dziko lopanda ndalama zothandizira osowa ntchito, wosauka sangakwanitse kukhala osachita kanthu sabata yathunthu, ndiye chiwerengero chimatsika. Mu 2013 akatswiri a ziwerengero za ntchito atakumana ku Geneva anasinthako muyezowu, kuti olima chakudya chongodya pakhomo asamawerengedwenso ngati ali pantchito. Komabe ukafuna kudziwa zoona, funsa kuti anthu akugwira maola angati ndipo akupeza zingati.

Mavuto: Ndiye kuti sabata ino ndine bwana. Ndinakonzera munthu foni dzulo.

Tiyamike: Funso lina, pepani ndachulutsa. Kunyumba akuti ndingolowa ntchito iliyonse, ngakhale yosagwirizana ndi zomwe ndinaphunzira, bola ndizituluka m'mawa. Ine ndimaopa kuti ndikalowa ndikakamira komweko.

Kondwani: Apa umboni uli mbali ziwiri. Ku America ofufuza atatu, Kroft, Lange ndi Notowidigdo, anatumiza ma CV opeka pafupifupi 12,000 ku makampani enieni, akusinthasintha miyezi yomwe munthuyo wakhala osagwira ntchito. Mwayi woitanidwa unkatsika kwambiri m'miyezi isanu ndi itatu yoyambirira. Bwana akaona mpata wautali amaganiza kuti anzake anamuona kale munthuyu n'kumukana. Ndiye kukhala chabe kuli ndi mtengo wake.

Koma si ntchito iliyonse yomwe ili makwerero. Ku Ethiopia, Christopher Blattman ndi Stefan Dercon anagwirizana ndi makampani asanu kuti malo a ntchito zapansi agawidwe mwa maere pakati pa ofunsira pafupifupi 1,000. Mwa omwe analowa, mmodzi pa atatu alionse anasiya mwezi woyamba, ndipo pakutha pa chaka 77 pa 100 alionse anali atachoka. Ndalama zawo sizinapose za anzawo omwe maere sanawagwere, koma odandaula za matenda anachuluka. Anthu aja sanali aulesi, anangoona kuti maola ndi ambiri, malipiro ndi ochepa, fumbi ndi mankhwala zikuwadwalitsa.

Bambo Phiri: Ine langizo langa, lowa pomwe pali munthu amene adzathe kukuchitira umboni mawa. Malipiro angachepe, koma ngati pali wina wokuona ukufika nthawi yake ndi kumaliza zomwe wapatsidwa, watolapo kanthu. Pomwe ukungokhala nambala pa geti, palibe adzakukumbuke. Kodi sunagwirepo paliponse chimalizireni sukulu?

Tiyamike: Ndinagwirako miyezi inayi pa ofesi ina, ndinkalowetsa ziwerengero mu kompyuta. Anali maganyu chabe, ndiye sindinkawawerengera. Pa CV ndinangoika mzere umodzi.

Bambo Phiri: Mayo ine. Miyezi inayi imeneyo ndi yolemera kuposa mapepala asanu ali m'chikwamawo. Aimbire amene ankakuyang'anira.

Chisomo: Aimbire ndithu, ndipo ndikufunira mafuno abwino. Ndingokumbutsa gulu kuti akakwera Tiyamike, wina wopanda gulu ngati lino watsala pa siteji. Tisadzati tathetsa ulova.

Mayi Nabanda: Inunso a Chisomo, mulekeni mwana akwere kaye.

Tiyamike: Ndabweranso akuluakulu. Ndawaimbira mayi omwe ankandiyang'anira aja m'mawa uno, mtima uli thithithi, ndimaganiza kuti anandiiwala. Andikumbuka mpaka pomwe ndinkakhala, pafupi ndi zenera. Koma akuti ali otanganidwa, ndilembe ndekha kalatayo ndibwere nayo Lachinayi adzangosaina. Ndayamba kale, ndalemba kuti ndinali wakhama kwambiri, wosachedwa ngakhale tsiku limodzi, wodziwa zonse za kompyuta.

Kondwani: Imani kaye pomwepo achemwali. Ku South Africa kuja anapezanso kuti makalata omwe munthu anapatsidwa mamakisi apamwamba pa chilichonse sankathandiza. Olemba ntchito sankawakhulupirira.

Bambo Phiri: Ngakhale ine ndikanaiponya pambali. Fufuta mawu akuti zonse. Lemba zomwe unkachita, mafomu angati pa tsiku, pulogalamu yanji, kuyambira mwezi uti mpaka uti. Ndipo siya mizere iwiri yopanda kanthu pansi, uwapemphe mayiwo alembepo ndi dzanja lawo, ngakhale atanena kuti poyamba unkachedwa kumaliza koma unaphunzira msanga. Aikepo nambala yawo ya foni ndi chidindo ngati ali nacho.

Tiyamike: Zoti ndinkachedwa poyamba n'zoona, sabata ziwiri zoyamba ankachita kundibwezera mafomu. Ndiikedi zimenezo?

Bambo Phiri: Usaike iwe. Asiyire iwo, ngati akuzikumbuka.

Mavuto: Achemwali, mukapita Lachinayi mufunsekonso ngati kulibe foni yofuna kukonza.